Buku langa la makobiri a atsogoleri, patatha miyezi 14

Patha miyezi 14 chigulireni buku losungiramo makobiri, lija la masamba apulasitiki okhala ndi timatumba, kathumba kalikonse khobiri limodzi. Ndinaligula kwa munthu wina wa pa Facebook pamodzi ndi makobiri asanu a Mandela. Sabata yoyamba aliyense wobwera pakhomo pano ku Moatize ndinkamuonetsa asanakhale n'komwe pansi. Lero kusunga makobiri sindinasiye, koma bukulo sindingaligulenso.

Chidwichi chinayambira kwathu ku Ulongwe. Agogo aakazi atamwalira tinapeza kachitini pansi pa sutikesi yawo, muli makobiri omwe anabwera nawo kuchokera ku Dedza, komwe anathawira nkhondo mpaka mtendere wa 1992 utabwera. Onse anali a nkhope ya Kamuzu: 1 tambala ya tambala weniweni, 2 tambala, 10 tambala ya chimanga, 20 tambala ya njovu, ndi shereni imodzi ya 1964, kwacha isanabwere mu 1971. Kenako mnzanga wa ku Chifunde anandipatsa ngwee zingapo za Kaunda. Ndinaona kuti m'chitini zikukandana, n'chifukwa chake ndinafuna buku.

Miyezi inayi yoyamba linali bwinobwino. Vuto linadza ndi dzuwa la Okutobala. Amene mumadziwa Moatize mukudziwa kuti nyumba yamalata masana imasanduka uvuni. Pulasitiki yake ndi yofewa ija yonunkha ngati nsapato zatsopano za mphira, ndipo ikatenthedwa imatulutsa timafuta tonanda. Mvula itayamba, chinyezi chinatsekeredwa m'timatumbamo. Tsiku lina ndikutsegula ndinapeza masamba amatirirana, ndipo makobiri amkuwa, 1 tambala ndi 2 tambala za agogo, atavala zobiriwira ngati ndere za m'chitsime. Oyera aja anangochita chifunga pamwamba.

Apa ndiye ndinaonjeza mlandu ndekha. Ndinatenga ndimu ndi phulusa n'kukwecha ngati poto. Zobiriwira zinachokadi, koma khobiri linatsala lofiira mbee, lokandikakandika, tsaya la Kamuzu litasalala. Osunga makobiri safuna khobiri lotsukidwa. Kuda kwa ukalamba kuja ndiko amakufuna. Otsalawo ndinangowaviika mu asetoni weniweni, osati wochotsera utoto wa m'zikhadabo, n'kuwasiya aume okha osapukuta. Pano lililonse lili m'kaenvulopu kake kapepala, nditalemba dziko ndi chaka kunja, onse m'kabokosi kathabwa pansi pa bedi pomwe pamazizirirako. Pogwira ndimagwira m'mbali, chifukwa thukuta la chala limasiya chidindo chosachoka.

Tsono za Mandela zija. Wogulitsa anandiuza kuti ndi zosowa, zidzakwera mtengo. Ndi ma 5 randi a zitsulo zamitundu iwiri: atatu a 2008 okumbukira kuti wakwanitsa zaka 90, awiri a 2018 okumbukira zaka 100 chibadwireni. Kukongola ndi okongola, ndipo kutentha kuja sikunawachite kanthu kwenikweni. Koma amalume omwe amayendetsa thiraki pakati pa Joni ndi Blantyre atawaona anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, izi si zomwe amatibwezera chenji tikagula buledi? Ukanandiuza ine." Ulendo wotsatira anandibweretsera ena awiri, kuphatikizapo la Oliver Tambo la 2017, osandilipiritsa. Makobiriwa anapangidwa mamiliyoni kuti aziyenda m'manja mwa anthu, ndipo banki yaikulu ya ku South Africa inanena yokha kuti 5 randi yotereyi ndi 5 randi basi. Ndalama yomwe ndinapereka ine ndisaitchule, mayi a kunyumba amawerenga nawo zimenezi.

Chomwe chimandisowetsa mtendere kuposa kuberedwako ndi tsamba lomwe ndinalemba kuti Mozambique. Ndinkaganiza kuti lidzadzaza loyamba. Tatulutsani makobiri athu a 2006 m'thumba: pa 10 metikali pali nyumba ya banki, pa 5 pali choimbira chotchedwa timbila, pa 2 pali nsomba, pa 1 mtsikana akulemba. Nkhope ya ngwazi palibe. Ngwazi zathu zinapita pa mapepala. Samora Machel ali pa ndalama zonse zamapepala kuyambira 2006, ndipo Eduardo Mondlane anali pa 100 metikali yakale, ya nthawi yomwe metikali inalowa m'malo mwa esikudo pa 16 Juni 1980. Pepala limang'ambika, limadyedwa ndi chiswe. Mapeto ake mwana wanga wa zaka 9 amazindikira Kamuzu ndi Kaunda pongoona mbali ya nkhope, koma Mondlane, yemwe timamukumbukira pa 3 Febuluwale chaka chilichonse, anachita kundifunsa kuti ndi ndani.

Alipo makobiri a 1975 okhala ndi nkhope ya Samora, olembedwa kuti metica, omwe anasulidwa koma sanatulutsidwe kuti anthu agwiritse ntchito. Wogulitsa yemweuja ananditumizira chithunzi cha limodzi mwezi wathawu, mtengo wake wofanana ndi mbuzi ziwiri. Ndinamuuza kuti abwere nalo ku Tete ndiligwire ndi kuliyeza kaye. Mpaka lero sanayankhe.

Bukulo ndinalipereka kwa mwana, akusungamo zitsekerero za mabotolo. Ngati alipo wa mbali za Cassacatiza kapena Chipata amene ali ndi 5 shereni ya Kaunda ya 1965, ndili ndi Mandela atatu a 2008 oti tisinthane.