Mgaiwa, nkhwani wotendera ndi usipa m'nyengo ya chimfine: malo ena odyera ku Zomba

Mwezi wa June ukafika ku Zomba, chiperoni chimakuta phiri ndi tauni yomwe, ndipo m'minibasi mumangomveka kutsokomola ndi kuyetsemula. M'nyengo imeneyi ndakhala ndikudya nkhomaliro pa malo ena kufupi ndi msika waukulu, pomwe mayi wina wachikulire ndi ana ake aakazi awiri amaphika zakudya zamakolo zokhazokha.

Nsima yawo ndi ya mgaiwa, ndipo chimanga amakagayitsa okha osakonola, kotero gaga ndi mtima wa njere sizitayika monga zimakhalira ndi ufa woyera umene umakonoledwa n'kuviikidwa m'madzi masiku angapo. Koma chimene ndimabwererako ndi ndiwo. Nkhwani amasadzula m'mawa ali pakhonde, aliyense akuona, ndipo amautendera ndi nsinjiro zambiri popanda kuuphika mpaka kufiira, kotero umafika pa mbale ukadali wobiriwira. Tsiku lina pamakhala bonongwe, lina chisoso kapena khwanya, ndipo pambali amaikapo nyemba ndi usipa wa tomato. Mbale imodzi imeneyi imakwanitsa magulu asanu mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene amayi amaphunzitsidwa ku sikelo, ndipo gulu lotsala, la zipatso, limabwera m'kapu ya madzi a malambe, omwe ali ndi vitamini C wochuluka.

Izi sizachabe pa nkhani ya chimfine. Vitamini A wochokera m'masamba obiriwira amasunga khungu la mkati mwa mphuno ndi m'njira ya mpweya kuti likhale lolimba, ndipo mafuta a m'nsinjiro ndi amene amathandiza thupi kuyamwa vitaminiyu. Usipa, popeza timadya wathunthu ndi mutu ndi minga yomwe, umapereka zinki, mchere umene asilikali a m'thupi amaudalira, pomwe kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana ndi amayi oposa theka m'Malawi muno ndi operewera zinki. Munthu wodya chonchi tsiku ndi tsiku thupi lake limakhala ndi zida zolimbanira matenda akabwera.

Chimene sindigwirizana nacho ndi chikwangwani chomwe chili pakhoma, chonena kuti chakumwa chawo cha jinja, mandimu ndi adyo chimateteza ku chimfine ndi Covid-19. Chakumwacho n'chokoma, chimatenthetsa thupi komanso chimafewetsa pakhosi, koma sichitseka njira ya kachilombo. Tonse tikukumbukira kuti matenda a Covid-19 atalowa m'dziko muno mu April 2020 anthu ambiri anamwa zoterezi ndi kudzifukiza masamba a bulugamu, komabe mu January 2021 maliro anachuluka, mpaka nduna ziwiri za boma zinamwalira tsiku limodzi. Ndinawauza mayiwo mwaulemu kuti mawu otere angapangitse wodwala kuchedwa kupita kuchipatala kapena kunyozera katemera, ndipo anandiyankha kuti, "Bambo, makasitomala ndiwo amafuna kumva zimenezo." Chikwangwanicho chikadalipobe.

Therere lawo amathira soda wambiri, ndipo soda amawononga mavitamini ena a m'masamba, choncho ine ndimalisiya. Vuto lalikulu ndi la mawindo, omwe amakhala otseka chifukwa cha kuzizira pomwe anthu adzaza m'chipinda ndipo utsi wa makala ukulowa kuchokera kukhitchini. Kachilombo ka chimfine kamafala mosavuta m'malo otere, ngakhale ndowa ya mpopi ndi sopo zili pakhomo nthawi zonse, chinthu chimene ndikuwayamikira.

Mtengo wa mbale susiyana kwambiri ndi wa chipisi ndi nkhuku za m'tauni. Amene akufuna kukalawa afike isanakwane 1 koloko, chifukwa nkhwani sachedwa kutha, ndipo apemphe kukhala pa matebulo awiri a pakhonde pomwe mpweya umadutsa.