Shoo ya gitala ku Dedza boma: mtsikana amatha, koma apageti Mulungu akuoneni

Ndiyambe ndi apageti chifukwa mpaka lero mtima sunatsike. Pa poster munalemba K5,000, ife tafika ndi alamu anga kuchokera ku Lizulu, mnyamata wa jekete yachikopa akuti "mayi pano ndi 8, ya 5 inali ya advance". Advance yake iti poti nambala munaikapo ija sabata yonse simayankhidwa? Tinalipira, tikanatani minibasi zitatha. Mipando yosakwana, tiyi wozizira ngati madzi a mu Linthipe, ndiye mukudziwa nokha Dedza mu June, mphepo yakuphiri ija imaboola chitenje mpaka m'mafupa.

Nyimbo ziwiri zoyamba sindinamve kanthu, sipikala imangolira tswii. Yachitatu ili pakati magetsi thii! Jenereta akuti mulibe mafuta. Anthu anayamba kukuwa kuti tibwezereni ndalama zathu, ine ndinali patsogolo kukuwako sindibisa, wa jekete uja osaonekanso.

Ndiye mtsikanayo anangotsika pa siteji ndi gitala yake, kukoka kireti ya Fanta nkukhala pafupi ndi mbaula imene amaothera alonda, amvekere senderani kuno, gitala sadya magetsi. Tinamuzungulira ngati ana omvera nthano, matochi a mafoni ali ngwee. Asanaimbe anafotokoza kuti nyimboyo anaitola kwa agogo ake aakazi. Agogo aamuna anapita ku Wenela kumigodi ya ku Joni, anatumiza bulangete limodzi basi nkutchona, ndiye gogoyo ankati akamasinja amaimba madandaulo ake pamtondo poti kulira pagulu zinali zamanyazi. Bambo wina wachikulire pambali panga anangoti eee, ena anathera mu ndege ija inagwa ku Francistown mu 1974, mpomwe Kamuzu analetsa Wenela. Pamalopo panangoti zii.

Atayamba, chala chachikulu chimamenya thupi la gitala kuti du, du, ndendende musi ukugwera mumtondo, zala zinazo zikutola nsambo pang'onopang'ono, mawu ake osakuwa ayi, okhala ngati akukunong'oneza iweyo wekha. Ndikutembenuka ndikuona alamu aphimba kumaso ndi chitenje mapewa akugwedezeka. Achimwene anga ali ku Joni chaka chachitatu tsopano, zimene zimabwera ndi ma voice note a pa WhatsApp basi. Ndinasowa chonena, ndinangowagwira dzanja, nanenso misozi inali itatsika kale. Pokafika pa kolasi azimayi tonse tinali tikuvomera ngati tinaiphunzira kale, mpaka alonda omwe.

Ina anati anaipeka poganiza amayi ake amene anamuphunzitsa sukulu ndi ndalama ya kachewere ndi kabichi, othamangira mawindo a mabasi pa M1 beseni lili pamutu. Imeneyo ndiye inandipeza pakhomo, poti ntchito yanga ndi yomweyo. Anaikamo kamayendedwe ka ingoma, azibambo a ku Ntcheu anayamba kuponda pansi fumbi koboo.

Zolakwika zake ziliponso. Amalankhula nthawi yaitali, pena nkhani imatalika kuposa nyimbo, nsambo itaduka tinadikira mpaka mapazi kuuma, ndipo ya Chingelezi ija achemwali ingoisiyani, simukukhalamo. Magetsi atayaka anthu anakuwa kuti zimitsaninso, iye anaseka nkumaliza pakireti pomwepo.

Potuluka ndinagula flash yake ya K3,000, apa ndiye ndinakhumudwa pang'ono. Nyimbo ya agogo ija aithira kiyibodi ndi ma drum a pakompyuta, du du wa mtondo uja kulibe, yangokhala ngati zina zonse zapawailesi. Achemwali mukawerenga izi jambulani ina ya inu nokha ndi gitala, ndigulanso.

Woimba ndikumupatsa nyenyezi 5, okonza shoo imodzi, ndipo imodziyo ndi ya mbaula. Akabweranso ndipita, koma tikiti ndikagula kwa mwini wake pamanja, wa jekete uja K6,000 yathu yowonjezera ija adye bwino.