Proxmox VE ndi GTX 1060 yanga patatha miyezi 7, nyenyezi zonse 5

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito Proxmox VE, pulogalamu yoyendetsa makompyuta angapo ongoyerekeza (ma VM) mkati mwa kompyuta imodzi, kwa miyezi 7 tsopano nde ndati ndilembeko, makamaka pa nkhani yopereka graphics card kwa VM, ija amati passthrough, poti ndi imene inandisowetsa tulo masiku atatu ndipo ndikudziwa kuti alipo anzanga ena akuvutika nayo pompano.

Ine ndimajambula mavidiyo a zinkhoswe ndi maukwati kuno ku Blantyre. Kompyuta ndili nayo imodzi basi, ya processor ya Intel i5-8400 ndi graphics card ya NVIDIA GTX 1060 ya 6GB yomwe ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito. Ndimafuna kompyuta yomweyi izikhala ndi Windows yokonzera mavidiyo komanso izisunga mafayilo a makasitomala usana ndi usiku kuti mng'ono wanga azitha kutenga zithunzi pa laputopu yake osandidikira ine, ndipo Windows ikavuta mafayilo a anthu asakhudzidwe. Kugula kompyuta yachiwiri ndi mmene zinthu zakwereramu sizikanatheka olo pang'ono.

Proxmox ndi yaulere, amapanga ndi a kampani ya ku Vienna ku Austria, ilipo kuyambira 2008 ndipo pansi pake ndi Debian, mtundu wina wa Linux. Ine ndinaika 8.1. Kuinstola sikunavute, ukamaliza umangotsegula browser pa kompyuta ina pa port 8006 zonse umaziona pamenepo. Ukamalowa kamabwera kauthenga ka subscription, umangodina OK nkupitiliza, palibe chomwe amakutsekera. Windows mu VM inayaka tsiku lomwelo, machine ndinasankha q35, BIOS yake OVMF, ma driver a VirtIO ndinadawuniloda usiku pa bandulo yotchipa ija.

Mavuto anayamba pomwe ndimafuna kuwonjezera khadi ija. Ndikadina Add kenako PCI Device imangondiuza kuti No IOMMU detected, kutanthauza kuti sikuona IOMMU, gawo la kompyuta lomwe limalola kupereka chipangizo ngati khadi kwa VM. VT-d, lomwe ndi dzina la IOMMU pa Intel, mu BIOS ndinali nditayatsa kale, ndinakayang'ananso kawiri konse. Mavidiyo onse omwe ndinaonera amanena chimodzimodzi, tsegula /etc/default/grub, lemba intel_iommu=on iommu=pt, panga update-grub, yatsanso kompyuta. Ndinapanga chonchi mwina kasanu, uthenga womwewo. Tsiku lachiwiri ndi pomwe ndinalemba cat /proc/cmdline kuti ndione kuti kernel, mtima wa Linux, yadzuka ndi chani kwenikweni, nkupeza mawu anga aja mulibemo ndi limodzi lomwe. Nkhani yake ndi iyi, poinstola ndinasankha ZFS, njira ina yosungira mafayilo pa disk, ndipo ukasankha ZFS pa UEFI popanda Secure Boot pulogalamu yodzutsa kompyuta siikhala GRUB ayi, imakhala ina yotchedwa systemd-boot. Nde fayilo yomwe ndimalimbana nayo ija palibe amaiwerenga. Yoyenera ndi /etc/kernel/cmdline, ndi mzere umodzi wokha, umawonjezera mawu ako kumapeto kwa mzere womwewo osadumphira pansi, kenako proxmox-boot-tool refresh. Nditayatsanso uthenga uja unasowa. Zonsezi zinalembedwa bwinobwino mu buku lawo la malangizo lomwe lili mkati mwa Proxmox momwemo mukadina Documentation, anthu opanga mavidiyo aja ndi amene amadumpha gawoli. Amene mukuika 8.2 kapena zatsopano kuposa apo kernel yake imabwera IOMMU ya Intel ili yoyatsa kale, komabe cat /proc/cmdline muziidziwa.

Zochita zotsala ndi zachidule. Mu /etc/modules mumaika vfio, vfio_iommu_type1 ndi vfio_pci, zomwe zimapereka khadi kwa VM, nouveau, driver ya Linux ya makhadi a NVIDIA, mumaiika pa blacklist kuti Linux isaigwire khadi, ndiye lspci -nn imakupatsani manambala a khadi. Yanga inali 10de:1c03 ya chithunzi ndi 10de:10f1 ya mawu a HDMI, muziika onse awiri chifukwa ali mu gulu limodzi la IOMMU ndipo gulu silipita logawa, limapita lonse. Osaiwala update-initramfs -u -k all. Ine ndinachita mwayi khadi yanga inali mu gulu lake yopanda zina zosokoneza ndiye za pcie_acs_override sindinazikhudze, ndipo ngati simukukakamizika musazikhudze chifukwa zimanamiza kernel kuti zipangizo ndi zolekana pomwe sizili choncho.

Kenako Code 43, uthenga wa Windows wonena kuti yaimitsa chipangizo chifukwa chili ndi vuto. Abale, ichi nde chinandipweteka mtima. Windows yaiona khadi, dzina lake lalembedwa bwinobwino mu Device Manager, driver yalowa, koma pambali pake pali kachizindikiro kachikasu ndipo sikirini ili bii. Malangizo akale amati bisa VM kuti driver isadziwe, lemba kvm=off ndi hv_vendor_id, ndinalemba zonsezo sizinathandize kanthu. Zimenezo zinali zofunika kale, koma kuyambira March 2021 pa driver 465.89 NVIDIA inalola yokha kuti makhadi a GeForce azigwira mu VM ya Windows, nde ngati driver yanu ndi yatsopano vuto si limenelo. Yankho linali mu dmesg, command yoonetsa mauthenga a kernel, nthawi yonseyi. Nditalemba dmesg VM ili mkati moyaka ndinaona mzere umodzi ukubwerezabwereza mpaka kudzaza sikirini, BAR 1: can't reserve. Tanthauzo lake nkuti kompyuta poyaka imaonetsera chithunzi pa GTX yomweyo, ndiye Linux inali itagwira kale kachigawo ka memory ya khadi osakasiya, VM ikabwera imapeza pali mwini wake. i5-8400 ili ndi graphics yakeyake mkati, UHD 630, ndiye ndinalowa mu BIOS nkusintha primary display kuchoka pa PCIe, pomwe pali GTX, kupita pa iGPU, graphics yamkati ija, basi. Nditayatsa VM logo ya Proxmox inatulukira pa monita yomwe yalumikizidwa ku GTX kenako Windows, inali cha m'ma 2 koloko usiku, ndinadzutsa mng'ono wanga kuti adzaone. Amene muli ndi processor yopanda graphics ngati i5-9400F njira yanu ndi kuwonjezera initcall_blacklist=sysfb_init pa mzere wa kernel uja.

Kuyambira pamenepo imagwira ngati Windows ili pa kompyuta yakeyake. Ndimakonza mavidiyo mu DaVinci Resolve, kusewera timeline, kusintha mitundu, kutulutsa vidiyo yomaliza, ine sindiona kusiyana ndi kale. Kiyibodi ndi mausi ndinazipereka kwa VM ngati USB. Chomwe ndimakonda kwambiri ndi snapshot, kusunga VM mmene ilili panthawiyo, ndisanaike driver yatsopano ndimazimitsa VM nkutenga snapshot, zikavuta ndimangobwerera mmbuyo mphindi yomweyo, ndipo zandipulumutsapo kale sabata ya ukwati.

Chimodzi muchidziwiretu ndi RAM. VM yokhala ndi passthrough imatenga RAM yonse yomwe mwaipatsa ikangoyaka ndipo siibweza olo ikhale ikungokhala. Ndinali ndi 16GB, ndinapereka 12 kwa Windows, mbali yosunga mafayilo ija inayamba kupuma movutikira mpaka ndinawonjezera kufika 32GB. Komanso ngati cholinga chanu ndi magemu a pa intaneti fufuzani kaye, ena ngati Valorant salola kuseweredwa mu VM. Ndipo ngati simufuna kuona sikirini yakuda yolembamo ma command ndiye izi si zanu, palibe batani limodzi lomwe limapanga zonse.

Mwezi watha magetsi anazima tsiku lonse mpaka UPS inatha. Atabwera madzulo ndinayatsa kompyuta, VM ikukana kudzuka, uthenga wa IOMMU uja wabwereranso, ndipo Loweruka lake ndimayenera kupereka vidiyo ya chinkhoswe cha anthu omwe analipira kale. Mtima unagunda ndithu koma ulendo uno sindinathamangire kusintha mafayilo. cat /proc/cmdline inaonetsa kuti mawu anga onse alimo, nde vuto silinali mu Proxmox. Nditalowa mu BIOS ndinapeza tsiku ndi nthawi zabwerera zaka zammbuyo, VT-d yazima, primary display yabwerera pa PCIe. Kabatire kakang'ono kozungulira ka pa motherboard kaja, CR2032, kanali katatha, nde magetsi atachoka nthawi yaitali BIOS inaiwala zonse. Mmawa mwake ndinakagula kena mu Limbe kwa okonza mawotchi, ndinasintha, ndinabwezeretsa ma setting awiri aja, VM inadzuka. Ma setting amenewo pano ndinawalemba pa kapepala nkumata mkati mwa chivindikiro cha kompyuta, ndipo vidiyo ya chinkhoswe ija ndinapereka Lachisanu madzulo.