Phunziro la Zauchifwamba: Tiyambire ku New York Kapena ku Cabo Delgado?

Aphunzitsi anzanga a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, njira zoyambira phunziro la zauchifwamba zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi ya pa 11 September 2001, tsiku limene zigawenga za al-Qaeda zinapha anthu pafupifupi 3,000 ku America, ambiri mwa iwo mumzinda wa New York. Boma lakumeneko linayankha ndi nkhondo ya ku Afghanistan, yomwe inatenga zaka 20.

Yachiwiri ndi ya kwa aneba athu ku Mozambique. Zigawenga zinayamba kuchita chiwembu m'tauni ya Mocímboa da Praia, m'chigawo cha Cabo Delgado, mu October 2017, ndipo mu 2021 asilikali a Rwanda ndi a SADC anapita kukathandiza boma.

Zipangizo: ya ku America imafuna zithunzi ndi mabandulo a intaneti, ya ku Mozambique, mapu ndi choko basi.

Kumvetsa: New York ana amangoimva ngati nthano. Koma ukangotchula kuthawa nkhondo, kalasi yonse imati zii, chifukwa agogo awo analandira anthu othawa nkhondo ya Renamo, ena mwa agogowo anachita kuwoloka malire okha atasenza mitolo. Nkhondoyo inali yapachiweniweni, muwauze kusiyana kwake ndi uchifwamba.

M'njira zonsezi, chonde tetezani mwana wachisilamu kuti anzake asamuloze chala.

Ya New York ikuyenera a Fomu 4 amene angathe kutsutsana ngati nkhondo imathetsadi uchifwamba. Kwa a Fomu 1, ine ndimayambira ku Cabo Delgado.