Foshan amene ndamuona si wa m'mafilimu aja

Abale anga kumudziko, mumandifunsa kawirikawiri pa WhatsApp ngati Matchaina onse amadziwa kung fu. Ndikudziwa kumene funsoli likuchokera. Tonse tinakulira m'mavidiyo a pamsika, tikuonera anthu akuuluka pamwamba pa nsungwi, kuseri kwawo kuli mapiri a nkhungu ndi amonke ometa mpala.

Ine ndimalongedza katundu wa amalonda ku Guangzhou, ndipo ku Foshan ndimapitako pa sitima yapansi panthaka kukasankha matailosi ndi mipando. Kumeneku ndi kwawo kwa Ip Man, mphunzitsi wa Bruce Lee. Koma mapiri aja simungawaone mumzindamu. Dera lake ndi lachidikha, mitsinje mbali zonse, kutentha kwake ngati kwa ku Nsanje mvula ili pafupi. Mumakhala anthu oposa 9 miliyoni. Ku Lecong, dera lina la Foshan, masitolo a mipando andandalikana makilomita angapo, ndipo anthu ake amakamba za mitengo ya katundu ndi makontena basi.

Kachisi wa Shaolin ali ku Henan, pa phiri la Song, makilomita oposa 1,000 kumpoto. Kumeneko amadalira tirigu, kuno mpunga. Kuno ambiri amalankhula Cantonese, imene munthu wa ku Henan saimva. Nyumba zachifumu zambiri zimene timazigomera zija zinamangidwira mafilimu ku Hengdian, m'chigawo cha Zhejiang. Mafilimu anasonkhanitsa zonsezi n'kutipatsa ngati mudzi umodzi, ndipo zimandipweteka kuti anatibisira anthu enieni, okhetsa thukuta m'mafakitale, otumiza ndalama kwa makolo awo kumidzi.

Komatu kung fu alipo. Ku kachisi wakale wa Zumiao kuli zipinda zokumbukira Ip Man ndi Wong Fei-hung, katswiri wina wa kung fu, ndipo pabwalo pake amavina gule wa mkango. Anyamata awiri amalowa m'chovala chimodzi, wina kumutu wina kumchira, n'kumadumpha pansonga za mizati yachitsulo ng'oma ikugunda. Palibe chingwe chowakoka. Wakumbuyo amanyamula mnzake m'chiuno n'kumuimika pantchafu pake, ndipo akangophonya phazi onse agwa. Mtima unandigunda kuposa mmene unkachitira m'vidiyo.

Amene mukubwera kudzaoda matailosi, patulani tsiku limodzi mukafike ku Zumiao. Sitima yapansi panthaka ya Guangfo, yochokera ku Guangzhou, imaima pomwepo.