Sitampa ya abakha ku United States ndi thumba la mlenje wachinyamata

Ku United States, aliyense wa zaka 16 kapena kuposerapo amene akufuna kusaka abakha ndi atsekwe akutchire ayenera kugula Federal Duck Stamp, sitampa imene inayamba mu 1934 pa mtengo wa dola imodzi, ndipo kuyambira mu 2015 imagulidwa madola 25. Ine ndimaiyamikira kwambiri, chifukwa pafupifupi masenti 98 pa dola iliyonse amagwiritsidwa ntchito pogula ndi kuteteza madambo amene mbalamezi zimaswerako, komanso mwini sitampayo amalowa ulere m'malo otetezedwa a boma amene ena amalipira pachipata. Mlenje amasayina dzina lake ndi inki pamwamba pa chithunzi cha mbalame, ndipo sitampayo imagwira ntchito kuyambira pa 1 Julaye mpaka pa 30 Juni.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti mtengowo ndi umodzi kwa onse. Mnyamata kapena mtsikana wa zaka 19, amene ndalama zake zimathera ku sukulu ndi ku lendi, ayenera kuwonjezerapo laisensi ya boma la chigawo chake, zipolopolo zopanda mtovu zimene lamulo lakhala likufuna kuyambira mu 1991, ndi nsapato zazitali zolowera nazo m'madzi ozizira. Wotereyu sachedwa kupachika mfuti ya agogo ake pakhoma, pamene mtengo wotsikirako pa msinkhu umenewu ukanamubwezera kudambo m'mamawa.