Ndemanga: DVD ya La traviata ya ku Salzburg, 2005

Ndinaitanitsa DVD imeneyi, ya opera (sewero loimba) ya Giuseppe Verdi imene inaonetsedwa ku Salzburg, m'dziko la Austria, pa intaneti miyezi iwiri yapitayo ndipo ndaionera kanayi. Wogulitsa anachedwa kutumiza, kabokosi kanafika kong'aluka pakona, koma chimbalecho chilibe vuto, zithunzi ndi mawu zikumveka bwino. Chitaliyana sindichimva, ndiye ndimatsatira mawu a Chingerezi otuluka m'munsi.

Usiku woyamba sindinakhutire. Ndinkayembekezera nyumba zachifumu ndi zovala zamakedzana, koma ndinaona bwalo loyera lopanda kanthu, wotchi yaikulu, amuna a masuti akuda akuzungulira mkazi mmodzi wa diresi lofiira. Ndinaganiza kuti Willy Decker, amene anakonza seweroli, waononga ntchito ya eni ake. Ndinasintha maganizo nditadziwa kumene nkhaniyi inachokera.

Giuseppe Verdi anaitenga m'sewero la Alexandre Dumas wamng'ono, La Dame aux camélias, lonena za mkazi amene anakhalakodi ku Paris, Marie Duplessis. Ankasungidwa ndi amuna olemera, ndipo anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1847 ali ndi zaka 23 zokha. Mawu a opera analemba ndi Francesco Maria Piave. Itaonetsedwa koyamba ku La Fenice, mumzinda wa Venice, pa 6 Marichi 1853, anthu sanailandire bwino. Verdi ankafuna oimba avale zovala za masiku omwewo kuti oonera adzione okha, koma akuluakulu a bwalolo anaikankhira m'zaka za m'ma 1700. Nayenso Verdi pa nthawiyo ankakhala ndi woimba wina, Giuseppina Strepponi, asanakwatirane, ndipo anthu a kwawo kwa Verdi ku Busseto ankawajeda. Ndiye masuti aja sanandivutenso, ndi zomwe mwini wake ankalakalaka.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi gawo lachiwiri. Violetta, mkazi wa diresi lofiira uja, wasiya moyo wamaphwando, akukhala ndi chibwenzi chake Alfredo kunja kwa Paris, akugulitsa katundu wake mwakachetechete kuti azidya. Kenako afika bambo ake a mnyamatayo, Giorgio Germont, kudzamupempha kuti amusiye mwana wawo chifukwa mbiri ya Violetta isokoneza ukwati wa mlongo wa Alfredo. Sakalipa ayi. Akulankhula mwaulemu, ngati ankhoswe, koma akumulanda chinthu chimodzi chokha chimene watsala nacho. Thomas Hampson, amene akusewera Germont, akuimba ngati kholo lotsimikiza kuti likuchita zabwino, ndipo Anna Netrebko, amene akusewera Violetta, akamavomera, mawu ake amachepa mpaka ndimakweza voliyumu. Pamenepa misozi inanditsika, ndipo ulendo wachinayi inatsikabe.

Rolando Villazón, amene akusewera Alfredo, ali ndi moto, makamaka pomwe Alfredo akumuponyera Violetta ndalama pamaso pa anthu kuphwando la Flora, mnzake wa Violetta. Nthawi zina amapupuluma kwambiri moti maso amachoka pa Violetta. Dokotala wachikulire amene amangoima pambali kuyambira pachiyambi, ngati imfa ikudikira, poyamba ankandisokoneza, ndipo wotchi ija ndikuona kuti yaonetsedwa mopitirira, uthenga wake munthu amaumva msanga.

Ngati simunaonerepo opera, yambani ndi imeneyi, koma muwerengeko kaye nkhani yake. Ana aang'ono siyowayenera. Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo mchemwali wanga wandibwereka kale sabata ino.